Mumawerenga Usiku Wonse Koma M'mayeso Zonse N'kuuluka? Yambirani Apa

Chaka chilichonse zotsatira za mayeso a moko zikangotuluka, funso limakhala lomwelo. Mwana wa Fomu 4 amanditsatira mpaka pa siteji ya minibasi, kope lili kukhwapa, misozi ili lengelenge: "Aphunzitsi, inetu ndimawerenga. Amayi akhoza kuchitira umboni. Koma ndikangolandira pepala, m'mutu mumangoti mbee." Makolo nawo amabwera ndi lawo: "Aphunzitsi, mwanayu sanatilodzere ameneyu? Kapena pali mankhwala a nzeru oti timugulire?" Funsoli ndaliyankha pakhonde la kalasi, ndaliyankha potuluka m'tchalitchi, ndaliyankha mu minibasi ya ku Ndirande kondakitala akundiyang'ana ndi diso loti bambo lipirani kaye. Ndatopa nako kubwereza. Ndilembe kamodzi, wofuna adzawerenge.

Ndimaphunzitsa Biology kuno ku Blantyre, choncho tiyambire m'mutumo.

Ambiri timaganiza kuti ubongo uli ngati nkhokwe: wathiramo chimanga mu Meyi, udzatapa mu Disembala. Ganizo limeneli ndi lomwe likulepheretsa ana mayeso. Mu ubongo wa munthu muli maselo otchedwa neuron okwana pafupifupi 86 biliyoni, ndipo amatumizirana uthenga kudzera pa timipata tating'onoting'ono totchedwa synapse. Mukaphunzira chinthu chatsopano, gulu lina la maselowa limagwira ntchito pamodzi. Gulu lomwelo likagwiranso ntchito mawa ndi mkuja, timipata tija timalimba ndipo uthenga umadutsa mosavuta. Donald Hebb wa ku Canada analemba ganizoli mu 1949, ndipo mu 1973 Tim Bliss ndi Terje Lømo anasindikiza zomwe anaona mu ubongo wa akalulu: njira yomwe yadutsidwa mobwerezabwereza imakhalabe yolimba kwa nthawi yaitali. Makolo athu anali atanena kale kuti madzi saiwala khwawa. Chikumbukiro ndi khwawa limenelo. Mvula imodzi silikumba, ndipo madzi akasiya kudutsamo, udzu umamera.

Ndiye pali ntchito zitatu zosiyana: kulowetsa, kusunga, ndi kutulutsa. Ana athu amathera mphamvu zonse pa yoyamba. Mayeso amafunsa yachitatu.

1. Lowetsani pang'onopang'ono, maso ndi mtima zili pamodzi

Mukagula mayunitsi a magetsi amakupatsani manambala 20. Palibe amene amawayang'ana kamodzi n'kupita kukawalowetsa onse pa mita. Mumatenga anayi, mwadina, mwabwerera pa foni, anayi ena. Ndipo mwana akakuitanani muli pakati, anayi aja athawa. Chimene mukugwiritsa ntchito pamenepo ndi kachikumbukiro ka nthawi yochepa, kamene kamagwira zinthu kwa masekondi owerengeka. George Miller mu 1956 anati kamanyamula zinthu pafupifupi 7. Ofufuza a pambuyo pake, monga Nelson Cowan, anatsitsa chiwerengerocho kufika pa 4. Khomo lolowera mu ubongo ndi lopapatiza chomwecho, ndipo chilichonse chomwe mudzakumbukire mu Julayi chiyenera kudutsa pamenepo.

Choncho foni ikhale chipinda china. Osati m'thumba, osati pansi pa kope. Uthenga umodzi wa pa WhatsApp umachita zomwe mwana uja anachita pa mita. Zambiri zomwe mumati mwaiwala simunaziiwale ayi, sizinalowe n'komwe. Tengani kamutu kamodzi, masamba awiri kapena atatu, mphindi 25 kapena 30, kenako imirirani mukamwe madzi.

2. Mangirirani chatsopano pa chomwe mukuchidziwa kale

Kuloweza tanthauzo la osmosis ngati vesi la pamtima kumagwira sabata imodzi. Koma dulani phwetekere, muwaze mchere, mudikire pang'ono. Madzi aja atuluka m'mbalemo achokera kuti, ndipo n'chifukwa chiyani atuluka? Mukayankha funso limenelo ndi mawu anuanu, m'Chichewa momwe, osmosis mwaimangirira ku khitchini ya amayi anu, ndipo tsopano ili ndi njira zambiri zoifikira. Chinthu chomwe chili chokhachokha mu ubongo chimasowa msanga. Pa mfundo iliyonse dzifunseni: chifukwa chiyani? Zikufanana ndi chiyani chomwe ndinachionapo?

Pa zinthu zofunika kuzikumbukira mwandondomeko, pali njira yakale yomwe Agiriki ndi Aroma ankagwiritsa ntchito polankhula pagulu opanda pepala. Tengani msewu womwe mumaudziwa ngati chikhatho chanu, mwachitsanzo kuchoka ku Limbe kupita m'tauni: Limbe, Maselema, Chichiri, Poly, Ginnery Corner, Clock Tower. Tsopano kwezani nsima mu minibasiyo. Ku Limbe ndi m'kamwa, mano ndi malovu zili pa ntchito. Pa Maselema yatsetsereka kum'mero. Pa Chichiri yalowa m'chifu, asidi akuikandakanda. Pa Poly ndi m'matumbo aang'ono momwe zakudya zimalowera m'magazi. Pa Ginnery Corner matumbo aakulu akuyamwa madzi. Za pa Clock Tower mumalize nokha. Mwaseka, ndipo chifukwa mwaseka simuiwala. Ubongo umagwira malo mwamphamvu kwambiri. Eleanor Maguire ndi anzake anapeza mu 2000 kuti madalaivala a matakisi a ku London, omwe amaloweza misewu masauzande, anali ndi mbali yakumbuyo ya hippocampus, kachiwalo ka mu ubongo kothandiza kukumbukira, yokulirapo kuposa anthu ena. Ndimaganizira zimenezi ndikakwera kabaza yemwe amadziwa kanjira kalikonse ka ku Mbayani.

Koma njirayi ndi ya mindandanda basi. Masamu sangakwere minibasi.

3. Tsekani buku

Apa ndi pomwe pagona nkhani, ndipo ndi pomwe pafupifupi aliyense amathawa.

Taonani momwe ambiri amawerengera. Atsegula manotsi, awerenga tsamba, adula mzere kunsi kwa mawu ndi bolopeni yofiira. Mawa awerenganso tsamba lomwelo. Ulendo wachitatu maso amangotsetsereka, chilichonse chikuoneka chodziwika, mtima n'kumati izi ndiye ndazimaliza. Limeneli ndi bodza lomwe ubongo umakunamizani. Kuzindikira chinthu chili pamaso panu ndi ntchito ina, kuchitulutsa m'mutu chilibe pamaso ndi ntchito inanso. Mumakumana ndi munthu mumsika wa Limbe, nkhope mukuidziwa bwinobwino, mwapatsana moni wa chisangalalo, koma dzina lakana kubwera ndipo mukungoti "achimwene, achimwene" mpaka kusiyana. Mwana wowerenga mobwerezabwereza amalowa m'mayeso akudziwa nkhope za manotsi ake. Pepala la MANEB limafuna maina.

Mu 2006, Henry Roediger ndi Jeffrey Karpicke a ku Washington University mu mzinda wa St. Louis anapatsa ophunzira nkhani yaifupi. Ena anaiwerenga maulendo anayi. Ena anaiwerenga ulendo umodzi wokha, kenako katatu konse anapatsidwa pepala loyera kuti alembe zomwe akukumbukira. Atawayesa patangopita mphindi 5, owerenga kanayi aja anapambana. Koma patatha sabata, iwo anakumbukira pafupifupi 40 pa 100 iliyonse, pomwe odziyesa aja anakumbukira pafupifupi 61. Chomvetsa chisoni n'chakuti owerenga kanayiwo ndi omwe ankadzidalira kwambiri kuti adzakumbukira. Ndiye mwana uja wa pa siteji sakunama. Amawerengadi, ndipo amamvadi ngati akudziwa.

Chitani chonchi. Mwawerenga kamutu kanu, tinene za malungo. Tsekani kope, muliike pansi pa mpando. Tengani pepala loyera, ngakhale kuseri kwa kalendala yakale. Lembani pamwamba funso: kachilombo ka malungo kamayenda bwanji kuchoka mu udzudzu kufika podwalitsa munthu? Yambani kulemba zonse zomwe zikubwera.

Mizere iwiri yoyamba ibwera mosavuta: udzudzu waukazi wa Anopheles, kachilombo ka Plasmodium. Kenako zii. Mukudziwa kuti pali chiwalo china chomwe kachilomboka kamayamba kabisalamo kasanalowe m'maselo ofiira a magazi, mukukumbukira ngakhale kuti zinalembedwa kumunsi kwa tsamba la kumanzere, koma mawuwo sakubwera. Dzanja liyamba kuyabwa, likufuna kutsika pansi pa mpando. Mtima uyamba kunena kuti ndine mbuli, ndataya nthawi, bola ndingowerenganso.

Musatsegule. Khalani pomwepo mphindi imodzi yathunthu, kapena ziwiri. Zungulirani funsolo: magazi akachoka pakhungu amapita kuti? Aphunzitsi anajambula chiyani pa bolodi tsiku lija? Wodwala malungo kwambiri maso ake amaoneka bwanji? Kuvutika kumeneko, kutuluka thukuta pofunafuna, ndiye khasu lomwe likukumba khwawa lija. Nthawi zina mawu aja amangotumphuka: chiwindi! Ndipo chomwe mwachipeza movutikira chonchi sichichoka msanga. Nthawi zina sabwera ndithu. Palibe kanthu. Lembani mzere pamalopo, pitirizani, malizani zonse zomwe mungathe.

Mukatero ndiye tsegulani kope, mutenge bolopeni ya mtundu wina, muchonge ngati ndinu mphunzitsi wankhanza. Gawo ili musalidumphe, chifukwa ubongo sujambula zinthu ngati kamera. Ukamakumbukira umachita kumanganso, ndipo pomwe pali mpata umamatapo dothi lomwe wapeza pafupi. Elizabeth Loftus anaonetsa mu 1974 kuti kungosintha mawu amodzi m'funso lokhudza ngozi ya galimoto kunasintha liwiro lomwe anthu ankati anaona, ndipo ena anafika "pokumbukira" magalasi osweka omwe kunalibe. Mukhoza kulemba molimba mtima kuti John Chilembwe anaukira atsamunda mu 1914, pomwe ndi mu Januwale 1915. Mukapanda kuchonga, cholakwikacho ndi chomwe chilimbe.

Zomwe mwalemba ndi bolopeni yachiwiriyo ndiye ntchito yanu yeniyeni. Zina zija mukuzidziwa, musatayenso nazo nthawi. Werengani zosowazo, tsekaninso, tembenuzani pepala, yambiraninso.

Ndikuchenjezeni zinthu zitatu zomwe ndimaziona kawirikawiri. Choyamba ndi kusuzumira: kutsegula kope pang'ono, kuona liwu loyamba, n'kunena kuti aaa ndimadziwa. Simumadziwa. Ameneyo ndi likasa wodzibera nokha. Chachiwiri ndi kuyankha mumtima osalemba. Mumtima aliyense amakhoza. Lembani, kapena lankhulani mokweza, mufotokozereni mng'ono wanu wa Sitandade 6 mpaka amve. Pomwe mwayamba kuchita chibwibwi ndi pomwe pali dzenje. Chachitatu ndi mapepala a mayeso akale. Ana amawasonkhanitsa ngati chuma, kenako n'kumawerenga funso limodzi ndi yankho lake. Kumeneko n'kuwononga pepala labwino. Phimbani yankho, ikani wotchi patebulo, yankhani kaye.

Sabata yoyamba mudzamva ngati mwabwerera m'mbuyo. Kale mumamaliza masamba 20 usiku umodzi, tsopano mukumaliza anayi ndipo pepala lili lofiira ndi zolakwa. Mtsikana wina wa ku Bangwe anabwera kwa ine atakwiya, nati, "Aphunzitsi, njira yanuyi ikundipusitsa. Kale ndimadziwa zambiri." Ndinamuuza kuti, "Mwanawe, kale sumadziwa kuti sukudziwa. Bola kulira lero pa pepala la kalendala kusiyana ndi kudzalira m'holo ya mayeso." Anapitiriza, monyinyirika.

Magulu owerengera pamodzi ndi abwino pokhapokha ngati mukufunsana mafunso makope ali otseka. Ngati mmodzi akuwerenga mokweza ena akugwedeza mitu, amene akuphunzira ndi mmodzi yekhayo, mwinanso ayi.

4. Lolani kuti muiwale pang'ono, kenako bwererani

Hermann Ebbinghaus wa ku Germany anadziyesa yekha kwa zaka, akuloweza timawu topanda tanthauzo, ndipo anasindikiza zomwe anapeza mu 1885. Kuiwala kumathamanga kwambiri poyambirira: patangotha ola limodzi, zoposa theka zinali zitapita. Kenako kumachepa liwiro. Zinthu zatanthauzo sizithawa msanga chomwecho, koma kachitidwe kake n'komweko. Anapezanso kuti kubwereza kogawa pa masiku angapo kumaposa kubwereza kounjika tsiku limodzi.

Ndiye kamutu komwe mwaphunzira Lolemba, dziyeseni Lachiwiri, kenako Lachisanu, kenako sabata yamawa, kenako pakatha mwezi. Masikuwa si lamulo la m'Baibulo, chofunika n'chakuti mpata uzikula. Ena amadula timakadi ku makatoni a sopo, funso mbali ino, yankho kuseri, n'kusunga m'maenvulopu atatu: ya tsiku lililonse, ya kawiri pa sabata, ya Loweruka lokha. Kadi lomwe mwakhoza limakwera envulopu yotsatira, lomwe mwalakwa limabwerera koyamba. Pang'onopang'ono ndi mtolo. Maola 6 a Geography tsiku limodzi ndi ochepa mphamvu kuposa ola limodzi pa masiku 6.

5. Gonani

Ndili Fomu 4 ndinkachita zomwe ambiri mukuchita: mapazi m'beseni la madzi ozizira, kandulo patebulo, tiyi wopanda mkaka wowirira ngati mankhwala, mpaka tambala woyamba. M'mawa mwake ndinkalowa m'kalasi maso ali psuu, ndikudziona ngati msilikali. Ndinkadzibera ndekha.

Mkati mwa ubongo, chakuya kufupi ndi makutu, muli tiziwalo tiwiri topindika, kamodzi mbali iliyonse, totchedwa hippocampus. Ntchito yake tinaidziwa bwino chifukwa cha tsoka la munthu mmodzi wa ku America, Henry Molaison. Mu 1953, ali ndi zaka 27, dokotala anamuchotsa mbali yaikulu ya tiziwaloti pofuna kuchepetsa khunyu lomwe linkamuzunza. Khunyu linachepadi. Koma kuyambira pamenepo mpaka imfa yake mu 2008, sankathanso kusunga zochitika zatsopano. Za ubwana wake ankakumbukira, kucheza ankacheza bwinobwino, koma munthu akatuluka m'chipinda n'kubweranso pakapita kanthawi, ankamulonjera ngati mlendo. Brenda Milner, yemwe anamufufuza kwa zaka zambiri, ankachita kudzitchula dzina ulendo uliwonse. Chodabwitsa, atamuphunzitsa kujambula nyenyezi akuyang'ana pa galasi, dzanja lake linkapita patsogolo tsiku ndi tsiku, iye osakumbukira kuti anayamba wayeserapo. Luso la manja, monga kupalasa njinga kapena kusoka, lili ndi njira zake zina mu ubongo. N'chifukwa chake masamu ndi mapulakitiko amalowa pochita, osati poyang'ana.

Zomwe mwaphunzira masana zimayamba zagwiridwa ndi hippocampus, zikadali zanthete ngati njerwa zosawotcha. Mukagona tulo tofa nato, ubongo umabwereza zomwe zija mwakachetechete ndi kuzilimbitsa m'mbali zina za ubongo momwe zimakhalitsa. Uvuni wa njerwazo ndi tulo. Wochezera usiku onse waumba njerwa zambiri n'kuzisiya pamvula, ndiponso m'mawa mwake ubongo wotopa sulandira zatsopano bwino. Wachinyamata amafunika maola 8 mpaka 10. Ndikudziwa kuti kunyumba zambiri za ku Ndirande ndi ku Zingwangwa bata limabwera usiku okhaokha, wailesi za aneba zitazima. Ngati ndi choncho, gonani msanga mudzuke 4 koloko m'bandakucha, koma musadule tulo kuwiri konse. Makolo, mwana akagona 9 koloko sabata ya mayeso musamudzutse ndi mawu oti anzako akuwerenga.

6. M'chipinda cha mayeso

Akuluakulu anati chikumbutsa nkhwangwa n'chisanu. Chikumbukiro chimadzuka chikakhudzidwa ndi chinthu chogwirizana nacho: fungo la utsi wa mbaula likukumbutsani kwa agogo, nyimbo ya kwaya ikubwezerani ku maliro a zaka khumi zapitazo. Mu 1975, Duncan Godden ndi Alan Baddeley anapatsa akatswiri osambira pansi pa nyanja mawu oti aloweze, ena ali pansi pa madzi, ena ali pamtunda. Aliyense anakumbukira bwino pamalo pomwe anaphunzirira. Choncho musazolowere kuwerengera pabedi pokha, chofunda chili m'miyendo. Sinthasinthani malo, ndipo kamodzi pa sabata khalani pa desiki kapena patebulo, wotchi ili patsogolo, muyankhe pepala lathunthu ngati tsiku lenilenilo.

Tsikulo likafika, mantha adzabwera. Mtima ukagunda kwambiri, thupi limatulutsa michere yokonzekera kuthawa kapena kumenyana, monga adrenaline ndi cortisol, ndipo ikachuluka imasokoneza kutulutsa zomwe munasunga. Kuti mbee kuja n'kumeneko. Zinthuzo sizinafufutike, n'chifukwa chake zimabwera zonse mukangotuluka pa geti. Ikani bolopeni pansi, pumani mozama kanayi kapena kasanu, mpweya uzituluka pang'onopang'ono. Yambani ndi funso lomwe mukulidziwa, ngakhale lili kumapeto. Yankho limodzi limakoka linzake. Pa funso lomwe lakana, lembani m'mbali kalikonse kogwirizana nalo, ngakhale kachithunzi, ngati momwe munkachitira pa pepala la kalendala lija. Munthu amene wakhala akukumana ndi pepala loyera miyezi itatu sadabwa nalo. Ndipo idyani kanthu m'mawa, ngakhale phala kapena mbatata. Ubongo ndi wolemera pafupifupi kilogalamu imodzi ndi theka basi, koma umadya gawo limodzi mwa magawo asanu a mphamvu zonse za thupi.

Za mankhwala a nzeru, sungani ndalama zanu mugulire mwana mapepala ndi makandulo. Mowa ndi chamba ndiye zimasokoneza ntchito ya hippocampus yomweyo. Woledzera amene sakumbukira momwe anafikira kunyumba sanaiwale, ubongo wake sunalembe n'komwe.

Pali kuiwala kwina komwe malangizo awa sangakuthandize. Mwana amene anayamba kuiwalaiwala atadwala malungo aakulu okomoka nawo, kapena atagwa pa njinga n'kumenyetsa mutu, kapena amene amangoti duu kwa masekondi angapo m'kalasi osamva kuitana, mupite naye kuchipatala, ndipo akakutumizani ku Queens musazengereze. Chimodzimodzi agogo amene ayamba kufunsa funso lomwelo kakhumi pa tsiku, kusochera pa njira ya kutchalitchi komwe apemphera zaka 40, kapena kupezeka m'bandakucha pakhomo la eni osadziwa kuti afikapo bwanji. Matenda a Alzheimer amayamba kuwononga dera la hippocampus lomwe lija, n'chifukwa chake agogowo amakumbukira bwino za ukwati wawo koma osakumbukira kuti adya kale nsima. Anthu oterewa ena amenyedwapo m'dziko muno powaganizira ufiti. Agwireni dzanja, muwaperekeze kunyumba, ndipo mawa lake mupite nawo kwa dokotala.